Bwalo la Mafunso: Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London ndi maola angati?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani imodzi, ya ndege. Ena akupita kukaona ana ku Britain, ena kukapikula katundu ku China, ena ndi ana a sukulu amene mapu awazunguza mutu. Tasankha mafunso amene mayankho ake angathandize anthu ambiri, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Mwana wanga amakhala ku Leeds ndipo wanditumizira tikiti yopita ku London. Iye akuti ndi ulendo wa maola 10 basi, koma mnzanga wa ku Mvano amene anapitako chaka chatha akuti anayenda usana ndi usiku. Akunama ndani? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Palibe akunama, mayi. Mwana wanu akuwerengera mtunda wokha, pamene mnzanuyo akuwerengera ulendo wonse.

Mukayeza molunjika kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa Heathrow ku London, mupeza makilomita pafupifupi 8,000. Ndege zikuluzikulu za masiku ano, monga Boeing 787 ndi Airbus A350, zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola. Gawani 8,000 ndi 850, muwonjezere theka la ola la ponyamuka ndi potera, zikupatsani maola pafupifupi 10. Apo ndi pamene mwana wanu wawatenga maola akewo. Koma ndege yoyenda chonchi kulibe. M'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inali ndi VC10 imene inkapita ku London kuchokera ku Chileka, koma lero aliyense wochoka ku Malawi kupita ku Britain amatsika kaye m'dziko lina n'kukwera ndege yachiwiri.

Njira zodziwika ndi zitatu. Ya ku Addis Ababa, pa Ethiopian Airlines, ndi makilomita 2,600 kuchoka ku Lilongwe, maola osakwana anayi, kenako makilomita 5,900 kukafika ku London, maola pafupifupi 8. Ya ku Nairobi, pa Kenya Airways, ndi makilomita 1,400 m'maola awiri ndi mphindi zochepa, kenako makilomita 6,800 m'maola pafupifupi 9. Yachitatu ndi ya ku Joni, ndipo iyi ndi yoyamba mwafulatira kumene mukupita: mumalowera kumwera makilomita 1,500 pamene London ali kumpoto. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Heathrow ndi makilomita oposa 9,000, maola 11 muli pampando. Mukawonkhetsa, ya Nairobi ndi makilomita pafupifupi 8,200, ya Addis 8,500, ya Joni imapitirira 10,500.

Komabe chimene chimadya nthawi kwambiri ndi kudikira. Tiyerekeze tikiti ya mwezi wa Julayi yodzera ku Addis. Manambalawa tangopangira chitsanzo, anu enieni muwaone pa tikiti yanu. Mwanyamuka ku Lilongwe 14:30, mwatera ku Addis 19:20. Ndege ya ku London ikunyamuka 01:05 usiku n'kukatera 06:55 m'mawa. Mwezi umenewo 06:55 ya ku London ndi 07:55 ya kuno. Ndiye kuti kuyambira 14:30 dzulo lake papita maola 17 ndi mphindi 25. Mwa amenewa, m'mwamba mwakhalamo maola 11 ndi mphindi 40. Maola 5 ndi mphindi 45 otsalawo mwawathera pampando wa pa bwalo la Bole, chikwama pamiyendo, maso ali pa bolodi.

Si zokhazo. Ku Lumbadzi muyenera kufika kukali maola atatu, ndipo kuchoka m'tauni ndi makilomita pafupifupi 25. Ku Heathrow m'mawa ndege zochokera ku Africa, Asia ndi America zimatera motsatizana, moti mzere wa mapasipoti ukhoza kukudyerani ola limodzi kapena awiri. Kenako mudikire masutikesi. Leeds nayonso si London: sitima yochokera pa King's Cross imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo, basi maola anayi kapena kuposa. Mukakhoma chitseko chanu 10:30 m'mawa, pakhomo pa mwana wanu mukaodira masana a tsiku lotsatira. Mnzanu uja sanakokomeze.

Poti tikiti yagulidwa kale, ili ndi langizo la ulendo wina: Ethiopian Airlines imapitanso ku Manchester, ndipo kuchoka kumeneko kupita ku Leeds ndi pafupi kwambiri kusiyana ndi kuchokera ku London.

FUNSO: Ndinapita ku Nairobi ku msonkhano. Popita tinanyamuka 13:00 n'kufika 16:10, koma pobwera tinanyamuka 09:00 n'kufika 10:10. Ndege yake inali yofanana. Kodi pobwera ndi kotsetsereka? Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Mumlengalenga mulibe chitunda kapena mtsetse, bambo. Maulendo onse awiri anali a maola awiri ndi mphindi 10. Chinasintha ndi wotchi.

Pa tikiti ya ndege, nthawi iliyonse ndi ya malo amene yalembedwapo. Yonyamukira ndi ya kumene mukuchoka, yofikira ndi ya kumene mukutera. Dzuwa limayamba kutuluka kum'mawa, choncho maiko a kum'mawa kwathu mawotchi awo amatsogola. Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai maola awiri, China maola 6. Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa tili nawo pa wotchi imodzi. Popita ku Nairobi wotchi inakuberani ola, pobwera inakubwezerani.

Britain ndiye amasokoneza ambiri chifukwa amasintha mawotchi kawiri pa chaka. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi kufika Lamulungu lomaliza la Okutobala amakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi. Miyezi yotsalayo, ya dzinja lawo lozizira, amakhala m'mbuyo ndi maola awiri. Ndege imene mu Julayi ikutera 06:55, ikayenda chimodzimodzi mu Disembala itera 05:55.

Njira yosasochera nayo ndi iyi: tengani pepala, sandutsani nthawi zonse za pa tikiti kukhala nthawi ya ku Malawi, kenako muchotsere. Mukatero muona bwino maola ouluka ndi maola odikira.

Pali misampha iwiri imene imagwira anthu chaka ndi chaka. Woyamba ndi ka "+1" kolembedwa pambali pa nthawi yofikira. Kakutanthauza kuti mukafika tsiku lotsatira, ndiye wokakuchingamirani muzimuuza tsiku lofikira, osati lonyamukira. Wachiwiri ndi woopsa: ndege za pakati pa usiku. Tikiti ikati 00:40 pa 12 Disembala, inu muyenera kukhala pa bwalo usiku wa pa 11. Wofika madzulo a pa 12 amapeza ndege inapita kalekale, ndipo makampani ambiri akaona kuti simunakwere chigawo chimodzi amafufuta zigawo zonse zotsala, ndi ulendo wobwerera womwe.

Mukakhala ku Addis, samalaninso mukamafunsa munthu nthawi. Anthu a ku Ethiopia amawerenga maola kuyambira m'bandakucha, moti 7 koloko yathu ya m'mawa iwo amati ola loyamba. Munthu akhoza kukuyankhani zoona zokhazokha, inu n'kusiyana naye maola 6. Matikiti ndi mabolodi a pa bwalo amagwiritsa ntchito nthawi yomwe tinazolowera, ndiye khulupirirani bolodi. Foni nayo musaidalire kwambiri: ikakhala sinagwire netiweki ya dziko lomwe mwatsikamo, imapitiriza kuonetsa nthawi ya kumene mwachoka.

FUNSO: Aphunzitsi athu anatiuza kuti dziko limazungulira kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa. Nanga bwanji ndege yopita ku America singoima m'mwamba n'kudikira kuti America aipeze? Ndinawerenganso kuti kuchoka ku London kupita ku New York kumatenga nthawi yaitali kuposa pobwerera. Chifukwa chiyani? Wophunzira wa Fomu 3, Mzuzu

YANKHO: Ukadzakwera basi ya ku Karonga, ikadzafika poongoka n'kumathamanga pa liwiro losasintha, udzaponye kandalama kachitsulo m'mwamba. Kadzagwera m'dzanja lako lomwelo, sikadzathawira kumpando wakumbuyo, chifukwa iwe, kandalamako ndi mpweya wa m'basimo mukuyendera limodzi. Dziko lapansi lili ngati basiyo. Pa equator limazungulira makilomita 1,670 pa ola, kwanu ku Mzuzu oposa 1,600, ndipo mpweya wonse umazungulira nalo. Ndege imene yangoima m'mwamba ikuyendabe ndi mpweyawo, ndiye ikatsika idzapezeka pomwe inachoka.

Funso lako lachiwiri yankho lake ndi mphepo. Pa makilomita 9 mpaka 12 kuchokera pansi, kumene ndege zimayenda, kuli mphepo yamphamvu imene oyendetsa ndege amaitcha jet stream. Imaomba kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, nthawi zambiri makilomita 150 mpaka 300 pa ola, ndipo imakula mphamvu m'nyengo yozizira. Ndege yothamanga 900 ikakumana ndi mphepo ya 150 kutsogolo kwake, pansi ikuyenda 750 okha. Mphepo yomweyo ikakhala kumbuyo, ikuyenda 1,050. Zili ngati bwato pa Shire: kupalasa motsata madzi ndi kupalasa mokwera si chimodzimodzi, ngakhale wopalasa ndi yemweyo.

London ndi New York zatalikirana makilomita pafupifupi 5,550. Popita kumadzulo ndi maola pafupifupi 8, pobwera pafupifupi 7. Mu Febuluwale 2020, mphepo ya mkuntho yotchedwa Ciara itakula, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56. Aphunzitsi ako sanalakwe, ndipo kuzungulira kwa dziko ndi kumene kumapangitsa mphepoyi kulowera kum'mawa. Kungoti kumathandiza ndege yopita kum'mawa, osati yopita kumadzulo monga unkaganizira.

Maulendo athu a ku Europe ndi olowera kumpoto, amadula mphepoyi chopingasa, n'chifukwa chake popita ndi pobwera sizisiyana kwambiri.

Chodabwitsa china ndi chakuti ndege za lero sizithamanga kuposa za m'ma 1960. Boeing 707 inkayenda liwiro lofanana ndi lomweli. Concorde yokha ndi imene inkadutsa nyanja ya Atlantic m'maola atatu ndi theka, koma inkamwa mafuta koopsa ndipo inasiya ntchito mu 2003. Makampani anasankha kupulumutsa mafuta m'malo mopulumutsa maola.

FUNSO: Abwana anga anapita ku Sydney, ndipo akuti pobwera ankaona madzi oundana pa windo ngati ali kumathero kwa dziko. Pa mapu ndikuona kuti Sydney ndi Johannesburg zangoyang'anizana, kum'mawa ndi kumadzulo. Kumwerako anakatani? Mnyamata wa ku Mangochi, wokhala ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, mapu a pakhoma ndi amene akukunamizani. Dziko ndi lobulungira, ndipo kuliyala papepala kuli ngati kusenda lalanje n'kuyesa kuwongola khoko lake patebulo: penapake liyenera kung'ambika kapena kutamuka. Mapu ambiri amatamula kumpoto ndi kumwera, moti njira yodzera kumeneko imaoneka yaitali pamene ndi yachidule.

Yesani nokha. Tengani mpira ndi ulusi. Lembani kadontho chakumunsi kwa mpirawo, kena kutali chakumbali koma pa msinkhu wofanana. Kokani ulusi pakati pa timadonthoti mpaka ulimbe. Muona kuti sukutsata mzere wopingasa, ukukhotera kumunsi. Ulusiwo ndiye njira yachidule. Pakati pa Johannesburg ndi Sydney ndi makilomita pafupifupi 11,000, ndipo ngakhale mizinda yonseyi ili pakati pa madigiri 26 ndi 34 kumwera, ulusi umatsika mpaka cha m'ma 50. Pobwera ku Sydney ndege imakhala ikulimbana ndi mphepo ija ya kumadzulo, ndiye oyendetsa amatsikiranso kumwera kuti aizembe, nthawi zina mpaka kumene nyanja ili ndi madzi oundana. N'chifukwa chake popita ndi maola pafupifupi 12, pobwera pafupifupi 14. Abwana anu anaona zenizeni.

Ulusi wa Lilongwe ndi London sukhota kwambiri. Ukanadutsa pamwamba pa maiko monga Zambia, Congo, Chad ndi Libya, kuwoloka nyanja ya Mediterranean n'kulowa ku France. Koma ndege siyenda paliponse pamene ulusi wadutsa. Dziko lililonse lili ndi mlengalenga mwake, ndipo likhoza kutseka. Nkhondo itayamba ku Sudan mu Epulo 2023, ndege zochokera ku Nairobi ndi Addis zinayamba kulambalala. Mu Ogasiti chaka chomwecho Niger inatseka mlengalenga mwake pafupifupi mwezi wathunthu asilikali atalanda boma, ndipo poti makampani ambiri amapewa kale Libya, ndege za pakati pa Johannesburg ndi London zinatalikirwa njira. Kuyambira 2022 ndege za makampani a ku Europe sizidutsa ku Russia, moti ulendo wa London kupita ku Tokyo, umene unali wa maola pafupifupi 12, tsopano umafika 14.

Palinso mitambo. Cha ku equator, makamaka pamwamba pa Congo, kumakhala mitambo ya mabingu yotalika kuposa pamene ndege ikuyenda. Woyendetsa amaiona pa radar n'kuizungulira, ndipo mphindi zimapita. Ndi pamenenso ndege imagwedezeka ngati minibasi pa msewu wa fumbi. Mangani lamba nthawi yonse imene mwakhala pansi, ngakhale nyali yake itazima. Ovulala pa kugwedezeka kotere kawirikawiri amakhala amene sanamange.

FUNSO: Mayi a kunyumba akukana ulendo wa ku Britain. Akuti ndege singakhale maola 11 m'mwamba osathira mafuta, ndipo injini ikazima pakati pa chipululu ndiye kuti basi. Ndiwauze chiyani? Komanso n'chifukwa chiyani ndege zonsezi zimanyamuka usiku? Bambo wa ku Chipata

YANKHO: Auzeni za mapiko. Mapiko a ndege ndi matanki, ndipo Boeing 787 imanyamula malita oposa 125,000, omwe ndi mafuta odzaza matanka atatu kapena anayi a pamsewu aja. Pa ola imamwa matani 5 kapena 6, ndiye ulendo wa maola 11 umatha matani pafupifupi 60, pamene matanki a ndegeyo amalowa matani 100. Lamulo silimalola kunyamuka ndi mafuta ongokwanira. Pamakhala mafuta a ulendo, ena oonjezera ngati mphepo yavuta, ena okafikira pa bwalo lina ngati kumene akupita sikutereka, ndi enanso a mphindi 30 amene sayenera kukhudzidwa konse.

Za injini, ndege ya mainjini awiri imapangidwa kuti ikhoza kuuluka, kutera, ngakhale kumaliza kunyamuka ndi injini imodzi. Njira yake imakonzedwa kuti nthawi zonse pakhale bwalo limene ingakafikepo ndi injini imodziyo mkati mwa nthawi yoikika, monga mphindi 180. Ulendo wautali kwambiri masiku ano, wa Singapore Airlines pakati pa Singapore ndi New York, ndi wa makilomita oposa 15,000, maola oposa 18 osatera, ndipo ndege yake ndi ya mainjini awiri.

Nkhani ya usiku ili ndi zifukwa ziwiri. Choyamba ndi msinkhu wa mabwalo athu. Lumbadzi ali mamita pafupifupi 1,200 pamwamba pa nyanja, O. R. Tambo ku Johannesburg pafupifupi 1,700, ndipo Bole ku Addis Ababa amapitirira 2,300, kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Pamwamba chonchi mpweya ndi wopyapyala, ndipo dzuwa likatentha umapyapyalanso. Mapiko sapeza pogwira pokwanira, injini nazo mphamvu zimachepa, ndiye ndege yolemera imafuna msewu wautali kuti idzuke. Msewu waukulu wa ku O. R. Tambo ndi wa makilomita 4.4 pa chifukwa chimenechi. Usiku kukazizira mpweya umalemera, ndege imanyamula zambiri. Ndege za Ethiopian zopita ku Washington zakhala zikuima panjira, monga ku Dublin kapena Rome, kukathira mafuta, chifukwa sizingadzuke ku Addis ndi matanki odzaza. Pobwera, poti zikunyamukira pamalo otsika, zimabwera osaima. Kulemera komweku ndi kumene nthawi zina kumachititsa kuti sutikesi itsale n'kubwera ndi ndege ya mawa.

Chachiwiri ndi ndondomeko. Ndege zochokera m'mizinda ya Africa, Lilongwe yomwe, zimasonkhana ku Addis kapena Nairobi madzulo, anthu n'kusinthana, zikuluzikulu n'kunyamuka pakati pa usiku. Ku Heathrow nako kuli malamulo ochepetsa ndege pakati pa 23:30 ndi 06:00 chifukwa cha phokoso, choncho ambiri amalinga kuti akatere m'mamawa. Zikachulukana, zina zimauzidwa kuti zizungulire kaye m'mwamba pa malo anayi odikirira: Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin. Mayi akadzaona ndege ikuzungulira pamwamba pa minda yomweyomweyo, asadzade nkhawa, ndi mzere chabe.

FUNSO: Ndimapikula katundu ku Guangzhou. Ndapeza kuti ndikagula matikiti awiri paokhapaokha, wina wokafika ku Nairobi, wina wa kampani ina wopitirira ku China, mtengo ukutsikako. Pakati pali ola limodzi ndi theka. Ndigule? Mayi wa bizinesi, Limbe

YANKHO: Musagule, mayi. Tiwerengere limodzi mphindi 90 zanuzo.

Pa matikiti awiri osiyana, kampani yoyamba ntchito yake imathera ku Nairobi. Sutikesi yanu kawirikawiri imatsitsidwa komweko. Kutuluka m'ndege ndi mphindi 15. Kuti mukatenge sutikesiyo muyenera kudutsa pa mapasipoti ngati wolowa m'dzikolo, mphindi 20 kapena 30, ndipo malamulo olowera dzikolo akukhudzani. Kudikira sutikesi, mphindi zina 20. Pamenepo ola latha. Koma kauntala ya ndege yachiwiri imatsekedwa kukali ola limodzi kuti inyamuke, kutanthauza kuti inatseka inu muli pa mzere wa mapasipoti. Apa ndiye kuti ndege yoyamba yafika pa nthawi yake. Ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe nanu mangawa: kwa iwo simunabwere, tikiti yapsa, mugule ina pa mtengo wa tsiku lomwelo.

Pa tikiti imodzi zinthu zimasiyana. Sutikesi imalembedwa kuti ikafike kumapeto, inu mumangotsata zikwangwani za osintha ndege, ndipo yoyamba ikachedwa ndi udindo wa kampani kukuikani pa ndege ina. Ngakhale apo, ife timalangiza mpata wa maola awiri kapena atatu. Mpata wa mphindi 50 umagulitsidwa ndithu, munthu n'kuthamanga n'kukwera, koma sutikesi siyithamanga. Ngati mwalimbikira matikiti awiri, siyani maola osachepera 5, kapena mugone komweko.

Pa kauntala yang'anani kapepala kamene akumata pa sutikesi. Pakhale zilembo zitatu za kumene mukupita: CAN ndi Guangzhou, LHR ndi Heathrow, LGW ndi Gatwick, MAN ndi Manchester, LLW ndi Lilongwe, BLZ ndi Chileka. Kachidutswa kamene akupatseni musakataye, ndi umboni wanu sutikesi ikasowa. Ngati tikiti ikuti masutikesi awiri a makilogalamu 23, si kuti mukhoza kunyamula imodzi ya 46; sutikesi imodzi yoposa 32 amaikana.

Kudikira kwambiri nako kuli ndi lamulo lake. Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la maiko amene kumapezeka yellow fever, ndipo maiko ambiri, Malawi ndi South Africa omwe, amafuna khadi lachikasu la katemera kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pa bwalo la dziko lotere. Katemerayo amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni, ndipo kamodzi n'kokwanira moyo wonse.

Kuchoka ku Addis kukafika ku Guangzhou ndi makilomita pafupifupi 8,000, ofanana ndi Lilongwe ndi London, koma thupi limamva mosiyana chifukwa wotchi yalumpha maola 6. Masitolo akamatsegula 9 koloko m'mawa, thupi lanu likudziwa kuti ndi 3 koloko usiku. Thupi limazolowera pafupifupi ola limodzi pa tsiku. Tsiku loyamba muzingoyenda n'kuona mitengo. Zowerengera ndalama zikuluzikulu muchite tsiku lachiwiri kapena lachitatu.

FUNSO: Ndafufuza pa intaneti mtunda wa Lilongwe ndi London. Pena alemba 7,970, pena 4,950, pena 4,300. Zoona ndi ziti? Mphunzitsi wa ku Ntcheu

YANKHO: Zonse, aphunzitsi. Yoyamba ndi makilomita. Yachiwiri ndi mamailosi a pamtunda, amene Britain ndi America amagwiritsa ntchito. Imodzi ndi makilomita 1.609. Yachitatu ndi mamailosi a panyanja, a oyendetsa ndege ndi sitima. Imodzi ndi makilomita 1.852. Kusiyana kwa makilomita 20 kapena 30 kumabwera chifukwa ena amayezera pakati pa mzinda, ena pa bwalo la ndege.

FUNSO: Agogo athu a zaka 74, a BP ndi shuga, akupita ku London kukaona zidzukulu. Sanakwerepo ndege. Tiwakonzekeretse bwanji? Mdzukulu wa ku Zomba

YANKHO: Yambani ndi kuchipatala kumene amalandira mankhwala, akawayeze ndi kuwalembera kalata ya Chingelezi yotchula mankhwala onse. Mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera. Insulin asalowe mu sutikesi: ikhoza kusowa, komanso kuzizira kwa kumene kumakhala katundu kukhoza kumuwononga. Za nthawi yomwera musavutike kwambiri, London ndi ife timasiyana ola limodzi kapena awiri okha. Asiye wotchi ya pamkono pa nthawi ya ku Malawi mpaka atafika, azimwa motsata imeneyo. Atengenso kachakudya m'chikwama, monga mabisiketi, chifukwa chakudya cha m'ndege sichibwera pa nthawi imene thupi la wa shuga lazolowera.

Mkati mwa ndege mpweya umakhala ngati wa pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo ndi wouma zedi. Amwe madzi pafupipafupi. Okalamba ambiri amakana madzi poopa kuvutitsa anzawo popita kuchimbudzi, ndiye apezereni mpando wa m'mbali mwa kanjira. Kukhala maola 8 osasuntha kumatupitsa mapazi, ndipo mwa ena magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo. Aziimirira n'kuyendako maola awiri alionse, ndipo ali pampando azigwedeza mapazi ngati akupalasa makina osokera. Avale nsapato zomasuka. Akafika, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena akayamba kubanika, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale patapita sabata chifikireni. Makutu akatseka potera, ameze malovu kapena ayasamule.

Chinthu chimene mabanja ambiri sachidziwa ndi chakuti chithandizo cha njinga ya olumala pa bwalo ndi chaulere, ndipo si cha osayenda okha. Mabwalo a Bole ndi Heathrow ndi aakulu, zikwangwani zake n'zachingelezi. Pemphani chithandizochi kwa amene anakugulitsani tikiti kukali maola 48 kapena kuposa, ndipo onetsetsani kuti chalembedwa pa zigawo zonse za ulendo, popita ndi pobwera. Wantchito adzawatenga pa khomo la ndege, kuwafikitsa pa geti yachiwiri, ndipo ku London adzawadutsitsa pa mapasipoti mpaka kwa owachingamira. M'thumba la malaya muwaikire pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu: dzina lawo, nambala za ndege zonse ziwiri, adiresi ya kumene akupita ndi nambala ya foni ya wowachingamira, yoyamba ndi +44.